Kondakitala ndi Nthambi ya Pamsewu

Takoma Park, Maryland
9 September 2023

Okondedwa achemwali a Phoebe,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga abambo miyendo ija yaphwa? Ife kuno tili bwino, kupatula mlamu wanu Callista amene akuti ndayamba misala. Mukamaliza kuwerenga mwina mugwirizana naye.

Ndabwerera ku makalata chifukwa foni yatikanika. Lamlungu lapitali ndinakuwa mpaka aneba apamwamba anagogoda, koma abambo anangomva mawu amodzi, nawonso olakwika. Ndiye ndizilemba, ndizijambula n'kutumiza pa WhatsApp, inu muzikasindikiza pa Lizulu pomwepo n'kuwawerengera kukhutu labwinolo.

Nkhani ndi iyi. Paja ndimasamalira nkhalamba ina ku Arlington, a George. Ndimawasambitsa, kuwaveka, ndi kuwapititsa kuchipatala pa galimoto ya banja lawo, ija yodzisinthira yokha magiya. Koma m'galaja mwawo muli chinthu china chofunditsidwa nsalu. Sabata yatha anandiuza kuti ndivundukule. Achemwali, galimoto yofiira psuu, ya mipando iwiri yokha, yaifupi ngati yagwada. Polowa umachita kukhala pansi ngati pamkeka. Nditailiza, malata a chitseko cha galaja ananjenjemera ndipo nkhalamba inagwetsa misozi. Miyendo yawo inafa, sangaiyendetsenso.

Akuti mwezi wamawa kuli tsiku lotchedwa track day. Kumapiri a ku West Virginia kuli msewu wozungulira wotchingidwa ndi mpanda, kopanda apolisi, kopanda mbuzi, kopanda wa kabaza. Anthu wamba amapitako ndi magalimoto awo kukathamanga mmene mtima ukufunira, mphunzitsi atakhala pambali. Si mpikisano ayi, palibe chikho. A George akufuna kumva galimoto yawo ikulira pamsewu umenewo kamodzi asanafe, ndipo mwana wawo Natalie amaopa ngakhale kuiyang'ana. Anandifunsa ngati ndimadziwa magiya apamanja. Ndinati, "Bwana, ine ndine mwana wa a Ludoviko, amene anayendetsa ambulansi ya mishoni mpaka imvi." Sindinawauze kuti a Ludovikowo amanditcha chiyani.

Inu mukudziwa. Chigumulireni khola la mbuzi lija ndi pikapu ya ansembe ndili mnyamata, dzina langa ndi Kondakitala. Anzawo onse a chiwongolero amawatchula "a Dalaivala," ngakhale aja ankayendetsa atalawa. Ine ndi imvi zangazi ndikadali "iwe Kondakitala." Nditawatumizira chithunzi cha laisensi ya kuno anati galimoto yodzisinthira magiya ngakhale nkhuku itha kuyendetsa.

Ndinene mosabisa. Mapepala anga sanatulukebe, sindingabwere chaka chino, ndipo abambo akufooka. Ndikufuna ndimve akunditcha dalaivala kamodzi kokha akadali ndi mpweya. Galimoto iyi ili ndi magiya sikisi, onse apamanja, ndiponso kamera imene imajambula woyendetsa pamodzi ndi liwiro lake. Kanemayo ndidzatumiza, adzaone okha.

Moni kwa onse. Mundiuze za miyendo.

Mlongo wanu,
Gracian


Lizulu
20 September 2023

Iwe Gracian,

Tili bwino. Alamu ako apita ku Blantyre ndi kachewere. Abambo miyendo ikutupabe, nsapato sizikulowa, koma pakamwa pokha pali bwino zedi. Ndalama ya mankhwala ija inafika, zikomo.

Kalata ndinawawerengera pakhonde, ndipo ukudziwa kuti kuwawerengera abambo n'kuwerengera mudzi wonse. Pofika madzulo nkhani inali itakula yokha. Pamsika akuti wagula galimoto ya mpikisano. Kutchalitchi akuti udzaoneka pa TV ukugonjetsa azungu, ndipo amayi a kwaya akufunsa tsiku kuti akupempherere. Ndayesa kuwauza kuti palibe chikho. Akuti ndili ndi nsanje.

Abambo anamvetsera mpaka ndinafika pa magiya sikisi. Anati, "Bwereza." Ndinabwereza. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Kondakitala analephera anayi, lero akufuna sikisi? Kodi kumeneko kuli makola?"

Koma ndikuuze zimene sanafune kuti ndilembe. M'mawa mwake ndinawapeza atatsitsa chipewa chawo chakuda cha ku ambulansi chija, akuchipukuta ndi kansanza. Anandiitana kuti ndikulembere malangizo, ndiye nawa monga anayankhulira. Usagoneke phazi pa kilatchi. Uzimvetsera injini, usamangoyang'ana mawotchi oonetsa liwiro. Usaiwale kuti pamsewu pamakhalanso anthu ena. Ndinawauza kuti msewuwo ndi wotsekedwa ndi mpanda. Anati ndilembe basi, sindine dalaivala.

Masiku ano akukwiya msanga. Sabata yatha kunali maliro kwa a Mwabi kutsidya kwa msewu, ndipo anthu anayala masamba paphula monga mwa nthawi zonse, ena kumtunda ena kumunsi, kuti oyendetsa adziwe kuti pali zovuta. Maminibasi ankangodutsa fyuu, nyimbo zili pamwamba. Abambo anakhala pakhonde tsiku lonse akuwatukwana mmodzimmodzi. Ukukumbukira mmene ankachitira iwo, ngakhale ali ndi wodwala kumbuyo? Kutsitsa magiya, kuzimitsa wailesi, kuvula chipewa, mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ukukumbukiranso khofi amene ankakugwetsa pamutu ukachedwa kuvula chako. Ine ndinkapulumuka chifukwa cha duku.

Ndiye iwe, usakafe kumeneko chifukwa cha dzina. Uli ndi mkazi. Utiuze tsiku lenileni.

Ine,
Phoebe


Takoma Park
6 October 2023

Achemwali,

Moni nonse. Tsiku lake ndi Loweruka pa 14. Amayi a kwaya muwauze apemphere ndithu, koma asatchule za chikho pamaso pa Mulungu, angamusokoneze.

Takhala tikuyeserera pa bwalo loimikapo magalimoto la sukulu ina ku Alexandria, Loweruka ana kulibe. A George amakhala pa njinga yawo ya olumala pansi pa mtengo ngati woyesa mayeso. Vuto langa ndi limodzi. Kwathu giya ili kumanzere, kuno ili kumanja. Pa galimoto yodzisinthira sindinkaona kanthu, koma iyi ikangolira kufuna giya, dzanja lamanzere limanyamuka lokha n'kukamenya chitseko. Kangapo konse ndatsitsa windo m'malo molowetsa giya yachitatu. Zaka zonsezi ndili kuno, kani thupi langali likadali ku Lizulu. Izi abambo musawawerengere mokweza kwambiri.

Andigulira chipewa cholimba ngati cha a njinga zamoto. Kuvala ndimavala ndekha, koma lamba wake wapakhosi ali ndi timphete tiwiri timene sindikutimvetsa. Dzulo ndinachiyesa kunyumba, Callista anachita kundimasula kukhitchini ngati mbuzi yokodwa pachingwe. Akuti ndikafuna kufa ndiyambe ndamulembera manambala achinsinsi a kubanki.

Malamulo ndaloweza ngati katekisimu. M'mbali mwa msewuwo mumaima anthu onyamula mbendera. Yachikasu ikutanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa, chepetsa liwiro ndipo usapitirire mnzako. Yakuda akakuloza nayo ndiye kuti tuluka, akuluakulu akufuna akuyankhule. Komanso m'gulu la ife ophunzira, wakumbuyo sangakupitirire mpaka iwe utatulutsa dzanja pawindo n'kumuloza kuti dutsa.

Malangizo a abambo ndawamata pagalasi la kubafa. Kodi ananena kuti "iwe Kondakitala" pamwamba pake, kapena munachotsa ndi inu? Musayankhe, ndikudziwa. Muwauze kuti pa 14 avale chipewa chija.

Gracian


Lizulu
27 October 2023

Gracian,

Sindikupatsa moni chifukwa sindikudziwa ngati ndikulembera wamoyo.

Pa 14 panadutsa. Abambo anasamba m'mamawa, anavala jekete ndi chipewa, anakhala pakhonde foni yanga ili pamiyendo ngakhale samva ikalira. Dzuwa linalowa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ndakuimbira, sukuyankha. Mauthenga ukuwerenga, ndikuona timizere tabuluu, ine si chitsiru. Ndinaimbira Callista, akuti uli moyo, ukudya bwino, koma munthu akangotchula galimoto umalowa kubafa.

Pamsika nkhani yasinthanso. Tsopano akuti unagubuduzika ndipo azungu akubisa. Abambo samva zambiri koma nkhope za anthu amaziwerenga. Lachitatu anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ngati mwana wanga wapita, undiuze ndili maso. Ndinamukakamiza ndine." Wamva? Sananene kuti Kondakitala.

Lachinayi mpweya unawathera, tinathamangira nawo kuchipatala. Agonako, abwerako lero. Ali bwinoko, koma nthawi yosewera chibisalirano ndi iwe alibe. Kaya unaphwanya galimoto ya eni, kaya unachita mantha n'kuthawa, lemba. Khola unagumula kale, tinakukhululukira, mbuzi tinazigwira.

Phoebe


Takoma Park
1 November 2023

Achemwali,

Ndili moyo. Galimoto ili bwino, ilibe ngakhale pokalika. Chimene chinafa ndi ulemu wanga basi. Pepani kwambiri, ndinkayamba kalata n'kung'amba. Za kuchipatalazo ndi zimene zandichititsa kuti iyi nditumize. Kalata iyi ndi yanu nokha. Abambo muwauze kuti ndinayendetsa bwino koma kamera inakana kujambula.

Tinafika m'mawa kuli kamphepo, mvula itagwa dzulo lake. A George ndi Natalie anakhala pampanda. Mphunzitsi amene anandipatsa anali Jerome, bambo wamtali wa mawu aakulu, amene anachita kudzipinda kuti alowe m'galimotomo. Ulendo woyamba ndinayenda mwamantha, dzanja lili pawindo nthawi yonse kuloza aliyense kuti dutsani, dutsani. Jerome anati sanaonepo wophunzira wodziwa kutulutsa dzanja ngati ine. Mumtima ndinati zoona, ukondakitala suiwalika.

Ulendo wachiwiri zinayamba kumveka. Ndinasiya mawotchi n'kumvetsera injini monga ananenera abambo, ndipo dzanja lamanzere linakhazikika pa chiwongolero. Wachitatu, achemwali, ndinauluka. Pali pena pamene msewuwo ndi wowongoka, Jerome akukuwa kuti ndiponde. Ndinaponda. Msana unamatirira kumpando, mpanda unasanduka mzere umodzi, giya yachisanu inalowa ngati mpeni m'papaya. Anthu awiri anatulutsa manja kundiloza kuti ndidutse. Ineyo! Ndinkaseka ndekha m'chipewa. Kamera inalemba liwiro limene kwathu ndi makilomita pafupifupi 190 pa ola. Mumtima ndinali nditayamba kale kukulemberani kalata.

Titakhota kumapeto kwa powongokapo ndinaona nthambi. Mphepo inaithothola ku mitengo ya kuseri kwa mpanda n'kuigoneka mopingasa m'mphepete mwa phula, masamba ake awisi, obiriwira, ndendende mmene timayalira kwathu. Mutu unkadziwa bwinobwino kuti ndili ku America. Koma phazi silinafunse mutu. Linaponda buleki, dzanja linatsitsa magiya, kenako linapita kukazimitsa wailesi imene sinali yoyatsa n'komwe, ndiye linayatsa mawaipa. Linalo linathamangira pakhosi kukavula chipewa, lamba uja n'kukana. Ndinkayenda ngati ngolo, ndikulimbana ndi chipewa, maso akufunafuna masamba achiwiri.

Jerome anakuwa, "What's wrong? What's wrong?"

Pakamwa panga panangoyankha pokha, "Somebody died."

Munthu uja anandigwira paphewa mwachisoni. "Oh man, I'm sorry. Who?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, koma ndi chapafupi pompano.

Apo n'kuti wa mbendera atakweza kale yachikasu chifukwa cha nthambiyo, ndiye panalibe wondipitirira. Nditayang'ana pagalasi ndinaona magalimoto onse a gulu lathu, a mtengo wogula Lizulu yense ndi kabichi wake, ali pamzere kumbuyo kwanga, nyali zoyaka, akuyenda pang'onopang'ono. Mdipiti weniweni, kungosowa kwaya. Kutsogolo munthu wina anatambasula mbendera yakuda n'kundiloza. Mbendera imeneyo ndinailoweza, achemwali, ndinakulemberani ndekha. Koma panthawiyo mtima unangoti, waona, nsalu yakuda. Ndinamuweramira mwaulemu n'kumudutsa.

Masamba achiwiri sanaoneke. Msewu paja ndi wozungulira. Tinaperekeza malirowo mpaka tinafikanso pa nthambi yomwe ija, munthu akuikokera kutchire ndi dzanja limodzi. Apo m'pamene nzeru zinabwerera, ndipo ndi manyazi phazi linachoka pa kilatchi, injini n'kuzima pamaso pa onse.

Anandiletsa kuyendetsanso tsiku limenelo. Akuluakulu anandifotokozera mofatsa kuti kutsika liwiro chotero pamalo othamanga kukanavulaza anthu, ndipo sakunama. Ndinapepesa gulu lonse ndili m'chipewa, chifukwa chinakanabe mpaka Natalie anadzandimasula. A George anaseka moti anachita kuwawonjezera mpweya wa m'botolo. Akuti anafuna kumva galimoto yawo ikulira, aimva, ndipo aionanso ikupemphera. Jerome ananditumizira kanema yense, akuti kunyumba kwake amamuonera akamadya. Ndakutumizirani kuti museke nokha kuchipinda.

Ndinkafuna kuwaonetsa abambo dalaivala. Chimene ndili nacho ndi kanema wa munthu wamkulu akukangana ndi lamba wa chipewa, mawaipa akupukuta galasi louma, akukhuza maliro a mtengo. Ndikuseka polemba, koma zandiwawa kuposa mmene ndikulembera. Mwayi unali umodzi womwewo. Ndingokhala Kondakitala, dzinalo ndalizolowera.

Muwapsompsone pamphumi, muwauze kuti ndili bwino.

Gracian


Lizulu
10 November 2023

Iwe Gracian,

Tili bwino, ndipo ndakondwa kuti uli moyo, ngakhale ukanakhala pafupi ndikanakutsina.

Ine abambo sindiwanamiza. Ndinawawerengera kalata yonse, ngakhale unati ndi yanga ndekha. Kenako ndinawavalitsa magalasi n'kuwaonetsa kanema.

Pothamanga paja anangoti "mmm." Titafika pa nthambi anandigwira dzanja kuti ndibweze. Ndinabweza. Anayandikitsa foni kumphuno, akuyang'ana dzanja lako pa giya. Anati ndibwezenso. Ulendo wachitatu, galimoto yako itangoyamba kutsika liwiro, ndinaona dzanja lawo likukwera lokha n'kuvula chipewa. Anakhala nacho pachifuwa mpaka kanema anatha.

Ine sindikubisira, ndinaseka mpaka misozi, makamaka pa mawaipa. Iwo anadzaseka pa mbendera yakuda pokha. Atatha anapempha pepala ndi cholembera. Ndinati ndiwalembere, anakana. Alemba kuyambira m'mawa, akupumira. Ndajambula monga mmene ilili, sindinakonze kanthu.

Adokotala akuti mtima watopa. Iyi usachedwe kuyankha.

Phoebe


Lizulu
10 November 2023

Kwa a Dalaivala Gracian Ludoviko,

Muli bwanji? Ine ndilipo pang'ono.

Kanema wanu ndaona. Kuthamangako sindinaone chachilendo, a minibasi amatero tsiku lililonse pakhomo pano. Koma potsika kuchoka pa giya yachisanu kufika yachiwiri simunalumphe ngakhale imodzi, ndipo galimoto sinagwedezeke. Masamba munawaona musanauzidwe ndi munthu.

Azunguwo muwapepese bwino, msewu ndi wawo. A George muwapatse moni.

Phoebe akuti mapepala anu akuchedwa. Musadandaule nazo. Tsiku limene adzayale masamba anga pamsewu pano, a minibasi adzadutsa mmene amadutsiramu. Ine ndikudziwa tsopano kuti kwinakwake kudzakhala galimoto imodzi yotsika liwiro.

Koma chipewa, a Dalaivala. Muphunzire kuvula chipewa.

Ine bambo wanu,
Ludoviko